Manja a Gwaza

Lachinayi lililonse ndikaweruka kunyumba yosamalira okalamba
ndimakwera kasitima ka mumsewu kupita ku Hillsborough,
kuchipinda cha pamwamba pa sitolo ya makapeti
komwe ife anthu asanu akuluakulu, okhoma misonkho,
timazungulira tebulo n'kumanamizana mwaulemu.

Pritesh ndiye mwini nthano.
Iye akati kutsogoloku kuli mlatho, mlathowo ulipodi.
Ine ndine Gwaza, wosula zitsulo wopanda kwawo,
amene wapulumuka m'kamwa mwa madayisi zaka ziwiri.

Anzanga onse anthu awo ali ndi nkhope.
Callum ali ndi kafano kopenta, kotalika ngati chala.
Oyin ali ndi kathumba kachikopa kosokedwa dzina.
Gwaza wanga pamapu
ndi chitsekerero cha botolo.

Ndiye ndinalembera Tamsin, wojambula wa ku Walkley.
Mapaundi makumi asanu ndi limodzi, iye anatero,
theka lero, theka ukakhutira,
kukonza kawiri n'kwaulere.
Ndinayamba kuwerengetsera m'makwacha, ndinalekeza panjira.
Masamu ena salola munthu kugona.

Chojambula choyamba chinabwera:
chimphona, chifuwa ngati chitseko cha tchalitchi,
lupanga waliwali.
Ayi, ndinatero, ameneyu sanagonepo ndi njala.
Muchepetseni mapewa.
Lupangalo chotsani, mumupatse nyundo
ya mpini wong'aluka, womanga ndi mphira.

Nanga manja? iye anafunsa.
Anthu amaiwala kundiuza za manja.

Ndinayankha nthawi yopuma, tiyi akuzizira:
chala chamkombaphala n'chokhota pomwe tcheni linachiluma,
zikhadabo n'zakuda ndi girizi wosamva sopo,
kudzanja lamanzere kuli chipsera chonga chikwakwa.
Akagwira chinthu amachitembenuza pang'onopang'ono
ngati akuchifunsa pomwe pakupweteka.

Tcheni la chiyani? Tamsin analemba.
M'dziko la Gwaza mulinso njinga?

Sindinayankhe.

Envelopu inafika Loweruka, pakona itanyowa ndi mvula.
Ndinaitsegula chiimirire, jekete lili m'thupi.
Nkhope ndi yachilendo, ilibe mlandu.
Koma manjawo!
Manja a achimwene Alufeyo,
okonza njinga pansi pa mthethe pa Lunzu,
manja amene anandipanira mabuleki
tsiku lomwe ndinkapita kukalemba mayeso,
amenenso anandilembera mawu aja
pa nkhani ya malata omwe ndinalonjeza n'kuchedwa nawo.
Nanenso ndinabweza, anga akuthwa kuposa awo.
Papita miyezi khumi ndi inayi, foni ili zii.

Mkazi wa ku Yorkshire amene Lunzu sakudziwa n'komwe
wawajambula mpaka mtsempha wa pachala chachikulu.
Ndamulipira theka lotsala lija
kuti andibwezere zomwe ndinamupatsa ndekha.

Lachinayi ndinachiimika potsamira bokosi la madayisi.
Oyin anati koma ndiye ngati apuma.
Callum anafunsa mtengo.
Pritesh anatsokomola n'kuyamba:
Gwaza, wafika pakhomo lotseka,
kunja kukuda. Uchita chiyani?

Zaka ziwiri zonsezi Gwaza amathyola zitseko.

Ndigogoda, ndinatero.

Dayisi ya mbali makumi awiri inagubuduka,
inagunda kapu, inaima pa seveni.
Sizikukwana, anatero Pritesh, palibe wotsegula.
Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anawonjezera
zomwe sizinali m'kope mwake:
koma mkatimo mukumveka nyundo.

Pobwerera, mawindo ali nthunzi yokhayokha,
ndinatola chithunzi cha manja okhawo,
nkhope n'kuisiya kunja.
Ndinalemba kuti Achimwene, ndinafufuta.
Ndinalembanso.

Ku Lunzu n'pakati pa usiku tsopano.
Uthenga wapita, kachizindikiro kamodzi kotuwa.
Mwina foni yathima, magetsi avuta.
Mwina ili m'thumba la ovolosi
yopachika pamsomali kuseri kwa chitseko.
Siteshoni yanga ndaipitirira.
Nditsikira kutsogolo, ndibwerere wapansi.