Kusamuka kwa Lachisanu Usiku

Yotamu anati tisamuke Lachisanu usiku,
Kamwala ikatseka zitseko,
maoda a simenti akagona.

Ndinafunsa, lole ibwera nthawi yanji?
Anaseka, natsegula laputopu pa kauntala,
pakati pa misomali ndi zitini za penti.

Zaka naini tinkachita lendi kachipinda
pa seva yomwe sindinaionepo.
Kanali kothina. Imelo ya ku Chipata
inkagogoda n'kubwerera: bokosi ladzaza.
Tenda ya sukulu tinaiphonya choncho.

Tsopano akuti tikakhala mumtambo.
Ndinasuzumira panja. Okutobala.
Kumwamba kwa Lusaka fumbi lokhalokha.

Makalata zikwi makumi awiri anayamba kuwoloka,
kamzere kobiriwira kakukwawa
ngati minibasi pa msewu wa ku Kafue.
Magetsi anathima. Jenereta inatsokomola.

Pakati pa usiku ndinati, taima,
fufuza dzina la Zelipa,
mlongo wanga amene tinamuika ku Chingwere.
Inatuluka, mzere umodzi basi:
"Mapaipi afika. Musaiwale kudya."

Yawoloka imeneyo?
Yawoloka, bwana.

Lolemba foni inanjenjemera m'thumba.
Wina wa ku Matero akufuna mawilibala atatu.