Matchona a M'khungwa

Ndimakwera kombi ya ku Mabvuku kusanayere,
m'chikwama muli mpeni, thonje,
ndi kanthambi ka naphini
kamene ndinathyola dzulo m'mphepete mwa Mukuvisi
mlonda atayang'ana kumbali.

Ku labu ndimakasambitsa ngati mtembo:
madzi, sipiriti, jiki, madzinso katatu,
kuti wa kunja aliyense afe.
Amene ndikufuna ine ali m'kati.
Ndimang'amba khungwa, kugoneka tizidutswa
pa phala lowuma la m'timbale tagalasi,
kutseka, kulemba tsiku, kudikira.

Nyengeterai amati ntchito yathu ndi kulera chuku.
Sabata yatha magetsi anathima maola khumi ndi anayi,
timbale makumi atatu tinazizira.
Tinataya. Tinayambiranso.

Koma amatuluka ndithu.
Tsiku lachitatu, lachisanu, amasuzumira pa bala la khungwa,
ena oyera ngati mafuta ogona m'poto, ena achikasu,
ena otuwa, onunkhira dothi la mvula yoyamba.
Mabakiteriya obadwira m'mtengo,
osaudwalitsa, osaufumbwitsa,
alendo amene lendi yawo
ndi kulondera nyumba ya mwini usiku.

Otere ine ndimawadziwa.
Bambo anga, a Lufeyo, anachoka ku Ntcheu ndi bulangete limodzi.
Zaka makumi anayi anagona m'kachipinda
kuseri kwa nyumba ya eni ku Highlands,
kusadza maluwa, kuthirira mapeyala,
kudzuka agalu akauwa.
Pa geti panalibe dzina lawo.
Pa chitupa panalembedwa kuti mlendo.

Chinawatenga ndi waya wa mpanda.
Kabala ka pa chidendene, kosakwana chikhadabo.
Ku Gomo anawabaya jakisoni woyamba, bala linaseka.
Wachiwiri, linakwera m'katumba.
Pa wachitatu namwino anatsitsa mawu:
tizilombo take tinaloweza kale mankhwala athu onse.
Fungo la wodi ija
limandipezabe ndikamasita malaya.

Lero Lachinayi.
Nambala 217, wa m'khungwa la naphini wa mwezi watha.
Dzulo ndinafesa mdani mbale yonse,
wa mtundu womwe uja unakwera mwendo wa bambo,
n'kudontheza pakati timadzi ta 217.
M'mawa uno ndakweza mbale pa windo:
mdani wamera ponseponse ngati nansongole,
koma pozungulira dontho pali bwalo.
Loyera. Losesedwa. Palibe wapondapo.
Ndayeza ndi lula, mamilimita khumi ndi asanu ndi anayi.
Ndayezanso, poti dzanja limanjenjemera.

Nyengeterai wati ndisagule ndodo njoka ndisanaione bwino.
Mwina ndi mankhwala akale atavala malaya ena.
Mwina amapha mdani pamodzi ndi impso za wodwala.
Mwina ndalama zitha mu Juni
ndipo 217 agona m'firiji
mpaka tsiku limene magetsi adzapite osabwerera msanga.
Sakunama mnzangayu.
Kutsogoloku kudakali zaka, mbewa zoyeserapo,
makina amene timangowaona pa zithunzi.

Komabe bwalolo ndalijambula pa foni.
Madzulo nditsikira pa manda a ku Mabvuku
ndisanagule matimati,
ndikagwade pa mtumbira wopanda mwala uja:
taonani, bambo,
wina wogona kuseri, wopanda dzina pa geti,
walondera usiku wonse
ndipo kwacha atasesa bwalo.

Dzina la Chilatini adzam'patsa odziwa,
ngati adzafike pom'patsa dzina.
M'buku langa la ku labu,
pansi pa nambala, ndi pensulo,
ndalembapo kale lanu.