Kuseri kwa Kope la M'kontena

Kalata yako yafika, Twaibu.
Amayi aimba nthungululu
mpaka akabaza a pa Kamuzu Road kucheuka.
Ine ndangotembenuza kope la m'kontena,
lija ndimalembamo ndalama za eni ake
zodutsa m'manja mwanga ngati madzi m'lichero,
ndayamba masamu kuseri.

Fizi: nambala yonenepa, yokoka maziro asanu.
Iwe wati, "Achemwali, musavutike,
dzina langa latuluka pa ngongole."
Chabwino. Ndachotsera.
Nambala yaphwa ngati tayala loponda msomali,
amayi apumira m'mwamba.

Koma kalatayi ili ndi tsamba lachiwiri.
Malo ogona pasukulu adzaza,
ukachita lendi kunja kwa mpanda,
ndipo mwininyumba sawerenga mndandanda wa maina.
Basi yopita. Basi yobwerera.
Matiresi, ndowa, mapepala ofotokopa.
Laputopu, imene sanalembe kuti njokakamiza
koma aliyense akudziwa.
Ya chakudya akuti idzabwera, inde,
koma imayenda ngati lole m'matope a ku Lifuwu,
pomwe mimba sidikira siginecha.

Ndawerenga kawiri, ndi bolopeni yodontha.
Chotsala ndi matumba asanu ndi anayi a mpunga.
Amayi akolola asanu ndi awiri,
limodzi ndi la mbewu.

Ndipo liwu loti ngongole ulimve bwino, mlongo wanga.
Si mphatso ya pa Idi.
Ndi mlendo waulemu, wosayankhula zaka zinayi,
amene udzamupeze atakhala pa malipiro ako oyamba
atapinda miyendo, akukudziwa dzina.
Usamuthawe. Popanda iye
tsamba loyamba lija likanatitsekera chitseko.
Koma umudziwe msinkhu wake usanasayine.

Pansi pa kope pali mzere wina
umene sindinakuonetse:
ndalama ndimasunga ya kontena yangayanga,
yolembedwa dzina langa ndi penti wofiira.
Masamu a Fomu 4 ndinakhoza kuposa iwe, ukudziwa.
Ndaudula mzerewo kamodzi, mowongoka,
ndasamutsira nambala yake kumtunda.
Zakwana. Zatsala ya sopo.

Pawindo paima bambo wa chipewa cha mlaza.
"Netiweki ilipo? Ndikufuna kutapa."
Ndatseka kope.
"Ilipo, bambo. Zingati?"