Wailesi ya ku Mkanda

Elifazi adaigula ndi ndalama za fodya,
wailesi yooneka ngati sefuliya yovundikira,
batire lake lolemera kuposa khanda.
Adaikhazika pakhonde la sitolo,
waya n'kuukoleka pa mthethe,
ndipo dzuwa likapendeka ine ndinkasiya sipanala,
manja ali girizi yekhayekha,
kukakhala pa thumba la mchere n'kutchera khutu.

Lusaka ikayankhula, dziko linkang'ambika pakati
ngati chubu chakale.
Uku Amereka, uku Rasha,
anthu amene dzana lomweli ankamwera chikho chimodzi
pothamangitsa Jeremani.
Nyama yagwa,
alenje ayamba kuwerengana mivi.

Tidamva za mzinda wina wotsekedwa misewu yonse,
ufa ndi malasha n'kumabwera pa ndege.
Mai a Tsokalida, akupima palafini, adangoti,
"Kuno gaga akatha, ndegeyo imatera pati?"
Tidamva za bomba limodzi lomeza mzinda wathunthu.
Posakhalitsa akuti winayo walipezanso lake.
Usiku umenewo palibe adapempha nyimbo.

Zakeyu, wobwera ku Joni ndi chifuwa cha mgodi,
ankasolola kapepala kothaitha m'chipewa.
"Ku Rasha munda ndi wa wolima,
mgodi ndi wa wokumba!"
n'kutsokomola mpaka misozi.
Aphunzitsi a Binwell ankagogoda ndodo pansi:
"Kumeneko belu la tchalitchi adalidula lilime.
Ku Amereka umagona mmphawi,
kudzuka uli ndi galimoto."
Palibe mwa iwo adaonapo maikowo.
Ankakangana mpaka nyali kuphethira,
m'mawa mwake onse awiri pa mzere umodzi kumsika wa Bodi,
kuyang'ana sikelo
ikuwadyera thukuta pamaso.

Mng'ono wanga Lufeyo sankalowerera.
Ku Burma adabwerako ndi jombo, malungo,
ndi chizolowezi chokhala choyang'ana kukhomo.
Lole ya asilikali itaima pa boma,
adapita yekha kukalembetsanso.
Akuti ku Malaya,
kukasaka achikomyunizimu m'nkhalango.
Ndidamufunsa, akumanga zingwe za jombo,
"Adakulakwira chiyani anthu amenewo?"
Iye, "Msonkho ukundidikira, denga likudontha.
Ndikawaona ndidzakuuza."

Kalata idabwera mvula itayamba,
sitampa ya mfumu, inki yofalikira:
Achimwene, kuno mvula siikata.
Misundu ikutiyamwa kuposa udzudzu wa ku Bua.
Amene tikuwasakawo ndi anthu oonda,
amalima mobisa pakati pa thengo.
Dzulo tidawazulira munda.
Chinangwa chake, achimwene,
n'chimodzimodzi chathu chija cha kuseri kwa khola.
Ndidatafunako. N'chozuna.
Mmereka sindinamuone, Mrasha sindinamuone.
Njinga yanga musaibwereketse.

Ndidaiwerenga pakhonde pomwepo, mokweza.
Zakeyu adapinda kapepala kake.
Aphunzitsi adavula magalasi n'kumawapukuta,
kuwapukuta,
ngati dothi lili m'kati mwa galasilo.

Ine za maiko sindidziwa.
Ndimadziwa mawaya awiri a batire, wofiira ndi wakuda.
Aliyense payekha ndi wofatsa.
Ukawagunditsa amalavula moto,
koma iwo sapsa:
chimapsa ndi chala chili pakati.

Batire lidatha Lachinayi, nkhani zili m'kamwa.
Mawu adachepa, adachepa,
wowerenga n'kumira pa dzina la Korea.
Elifazi adaimenya khofi. Zii.
Latsopano likagulidwe ku Lilongwe, fodya akadzagulitsidwa.
Tidatsala ndi achule a m'dambo
ndi chifuwa cha Zakeyu,
osadziwa ngati usiku umenewo
wina kutaliko wakhudza bomba lake.

Njinga ija ili pa mtanda wa denga, mawilo m'mwamba.
Loweruka lililonse ndimaitsitsa,
kupopa matayala, kudontheza mafuta pa tcheni,
kupukusa pedulo ndi dzanja.
Gudumu limazungulira, limazungulira,
osapita kulikonse.