Katatu

Foni inalira katatu usiku uja,
ine ndili ku Chilenje, ndikusita malaya a mawa
magetsi asanathime.
Ndinaona dzina lako, Tisauke,
ndinati wayambanso, za ndalama izi,
ndipo ndinaivundikira patebulo ngati mbale yotsukatsuka.
Kutacha, atate anali atazizira kale ku UTH.

Yapita miyezi isanu ndi umodzi.
Timalankhulabe, inde.
Ndimakufunsa mtengo wa tomato ku Soweto,
iwe umandiuza kuti Kanyama yasefukiranso,
ana akupita kusukulu nsapato zili m'manja.
Ndimaseka posayenera kuseka.
Ukangopuma pang'ono pakati pa mawu
ndimathamangira kutseka mpatawo
ndi nkhani ya makala, ya lendi, ya chimfine cha mwana,
kuopa kuti pangadutse funso.

Ndalama ndimatumiza usanapemphe.
Ukati zikomo, ndimapsa mtima.
Ukapanda kunena, ndimati: akudziwa.
Tsiku lija unangoti, "Unali kuti?"
umanena za Lachiwiri, za msonkhano wa chilimba,
koma ine ndinakalipa pafoni mpaka kondakitala anacheuka,
minibasi yonse kuti zii.

Dzulo pa Kulima Tower, tikudikira basi kuti idzaze,
unkakonola chimanga chootcha ndi chala chachikulu,
osadya, njere zikungounjikana m'dzanja.
Unayankhula maso ali kwina, kwa anyamata oitanira:
"Ndinawasiya okha, akulu.
Tokotaimu inandithera,
ndinatsika kukagula pageti kuti ndikuyimbirenso.
Pobwerera ndinapeza atawafunditsa mpaka kumutu.
Sindinakuuzepo. Ndimaopa maso ako."

Maso anga!
Miyezi yonseyi tikuzembana m'njira imodzi,
aliyense atasenza mtembo womwewo
pansi pa chitenje chake.

Ndinayasamula kuti ndinene.
Ndinaiona foni, mng'ono wanga, ndinali maso,
ndikanayankha sukanatsika masitepe aja.
Mawuwo anakwera mpaka pammero
n'kukhala pamenepo ngati munga wa nsomba.
Basi inaliza hutala.
Ndinati, "Chimanga chako chizizira."

Unandithira theka la njere m'dzanja,
unakwera, unakhala pawindo losweka,
sunacheuke.

Usiku uno magetsi kulibe.
Njere zija zikadali m'thumba la jekete, zauma gwa.
Ndadina dzina lako, foni ili kukhutu,
sindinakonze poyambira.

Yalira kamodzi.
Yalira kawiri.