Timbale Khumi ndi Tiwiri

Lachinayi, nsanjika yachitatu, Bramfonteni.
Nditsegula kabati yofunda ngati m'khwapa
n'kutulutsa timbale tanga khumi ndi tiwiri.
M'menemo muli maselo anthete
amene sanadziwebe chodzakhala.
Ena ndinawamwetsa zotsekemera, n'kuwaleka.
Ena ndinawadonthezera kekyumini,
mtima wa chikasu,
chomwe chija amapima pa sikelo ku Fodsibegi,
chokana kuchoka pa malaya.

Pa maikulosikopu, olekedwa aja atupa,
aliyense wafungata timadontho ta mafuta
tofiira ndi utoto, ngati mikanda yomwazika.
Odonthezeredwa aja akadali pakhomo,
aitanidwa kuphwando koma akuzengereza.
Refilwe akuti m'mbewa zoyera
timitsempha todyetsa mafuta timachepa kuyanga,
ndiye mudzi wopanda njira ungakule bwanji?
Ndilemba manambala. Ndichapa magalasi.

Mlongo wanga Lufeyo amalonda geti ku Rozetenivili,
usiku wonse pampando,
kota kumanja, chakumwa chozizira kumanzere.
Chithunzi chake chitafika kwathu ku Bilira
anthu analulutira: Joni yamuyanja mwana!
Sadziwa kuti lamba waboola kachitatu,
kuti nesi wa pakiliniki anayang'ana pepala
nthawi yaitali, osalankhula.

"Achemwali, tandibereniko kaufa kanuko."

Ndimuuze bwanji kuti mbale si munthu,
kuti mbewa silipira lendi?
Chiwindi, achimwene, ndi wapolisi wa pa Betibiriji.
Chikasu chikafika amachisecha,
amachilanda katundu, n'kuchibweza.
Chowoloka n'chochepa,
ndipo sitinadziwebe ngati chimafika kumene tachituma.

Komabe Loweruka ndagula cha marandi khumi.
Ndathira mu nyemba ndi kabichi,
ndi tsabola wakuda pang'ono, akuti amachiperekeza.
Wadya mokwinya nkhope, wapempha zina.
Ndati ayi, vala nsapato.

Tayenda mpaka pomwe nyumba zathera,
pomwe milu ya mchenga wa m'migodi
yakhala tsonga, yachikasu nayonso.
Bambo a bambo athu anasiya mapapo pansi pake.
Mtundu umenewu unatilonjezapo kale zambiri
mumzinda uno.

Lufeyo ali wefuwefu, wagwira mtengo wa magetsi.
"Kwatsala patali?"
Zala zanga zikadali zachikasu, sopo walephera.
Ndati tipume kaye,
mawa tidzafika pa mtengo winawo.