Nthambi Pamsewu wa ku Bangula

Dalini wa ku Amereka amandilipira
kuti ndizimupalasa pa kabaza
kuchoka ku Bangula kukafika kuchipatala.
Maso ake sachoka pa wotchi.

Lachiwiri lina, dzuwa likuswa mtengo,
tinapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu.
Ndinatsika. Iye amvekere, "Tayala laphwa?"
Ayi mayi, pano pagwa zovuta.
Tinakankha njinga, chipewa changa chili m'manja,
mpaka nyimbo zinatsalira kumbuyo.

"Mumamudziwa womwalirayo?"
Ayi.
Sanayankhulenso mpaka pa mlatho wa Thangadzi.

Mwezi wa madzi osefukira
foni inamuuza za bambo ake.
Msewu utaduka, ndege ili kutali.

M'mawa ndinathyola nthambi za nimu,
n'kuziyala panjira ya pakhomo pake.
Ogulitsa makakana onse anatsika panjinga.
Iye anawawerenga ali pazenera.